Kugula ampu ndi masipika: mawati a pa katoni asakupusitseni

Nyengo yogulitsa nandolo ikafika, ndalama zimayendako m'misika ya Lirangwe, Mdeka mpaka ku Zalewa. Mabanja akathana ndi fizi, malata ndi feteleza, ena amatsala ndi kangachepe koti agule choimbira cha pabalaza. Ena amafuna chokuza mawu a TV pakhomo, pomwe achinyamata ambiri maso awo amakhala pa bizinesi ya vidiyo sho yoonetsa mpira. Onsewa amakwera minibasi ya ku Blantyre kapena ku Limbe ali ndi funso limodzi pakamwa: ndi mawati angati? Ogulitsa amalidziwa bwino funso limeneli, ndipo yankho lake linasindikizidwa kale pa katoni m'zilembo zikuluzikulu.

Phunziro lathu sabata ino ndi loti funso la mawati likhale lomaliza. Bajeti ya choimbira imayambira pa magetsi amene muli nawo pakhomo, kukula kwa chipinda, ndi zimene muzidzaonera. Mukazitsata izi, ndalama yomweyo ikugulirani chinthu chokhalitsa.

Tiyambe tadziwa katunduyo

M'masitolo muli mitundu ingapo imene anthu amangoitchula dzina limodzi loti home theatre, koma ndi zinthu zosiyana.

Wofala kwambiri ndi uja timamutcha sabuufa: bokosi limodzi lalikulu la besi lomwe mkati mwake muli ampu, wailesi, polowetsa fulashi ndi Bluetooth, n'kubwera ndi timasipika tiwiri kapena tisanu. Ndi wotsika mtengo ndipo savuta kulumikiza. Vuto lake n'loti zonse zili m'mimba imodzi. Ampu ikapsa, mwatsala ndi bokosi lokhalira ana.

Wachiwiri ndi home theatre ya m'katoni imodzi, monga za Sony, LG kapena Samsung. Mawu ake amakhala abwinopo, koma masipika ake anapangidwira makina omwewo basi. Ambiri amakhala ndi timapulagi tawotawo, ndipo mphamvu yawo siigwirizana ndi ma ampu ena. Makinawo akafa, masipikawo amavuta kuwapezera mwini wina.

Wachitatu ndi risiva. Ichi ndi chibokosi cholemera chomwe ntchito yake ndi kulandira mawu ndi zithunzi kuchokera ku dikoda, DVD kapena foni, n'kutumiza zithunzi ku TV ndipo mawu n'kuwakuza kupita ku masipika. Mayina odziwika ndi Yamaha, Denon, Pioneer, Onkyo ndi Sony. Masipika mumagula paokha. Kuno kwathu ma risiva ambiri ndi ogwirapo kale ntchito, obwera kuchokera ku South Africa kapena ku Ulaya. Ubwino wake ndi woti mumagula pang'onopang'ono, ndipo china chikawonongeka mumangosintha chomwecho.

Pa katundu yenseyu mudzaona manambala onga 2.0, 2.1 kapena 5.1. Nambala yoyamba ikunena kuchuluka kwa masipika, yachiwiri ikunena bokosi la besi. Choncho 5.1 ndi masipika asanu: awiri kutsogolo, imodzi pakati yotulutsa zolankhula, awiri kumbuyo, kuphatikiza besi.

Apa ndiye pamene ndalama zambiri zimatayikira. Kuti masipika a kumbuyo akhale ndi mawu awoawo, filimuyo iyenera kukhala yoti inajambulidwa ndi mawu ogawidwa kasanu, monga mwa njira ya Dolby Digital, ndipo dikoda ndi waya wanu zikhale zotha kunyamula mawuwo. Tsopano taganizani zimene zimaonedwa pakhomo panu: nkhani za pa MBC, Times kapena Zodiak, nyimbo za pa fulashi, ndi mafilimu aja omasuliridwa m'Chichewa ndi ma DJ. Zonsezi mawu ake ndi a mbali ziwiri basi, kumanja ndi kumanzere, ndipo zina ndi a mbali imodzi. Makina amatha kumwaza mawu omwewo m'masipika onse asanu, koma kumeneko n'kungochulukitsa phokoso. Kwa nyumba zambiri za kwa Chigaru, masipika awiri abwino amaposa asanu opepuka a mtengo womwewo. Ili ndi ganizo langa, ndipo mukhoza kuliyesa nokha m'sitolo.

Bodza la mawati

Pali njira ziwiri zolembera mphamvu ya choimbira. Ina ndi RMS, yomwe imanena mphamvu imene makina angatulutse mosalekeza. Ina ndi PMPO, yomwe ilibe muyezo umodzi wovomerezeka, moti kampani iliyonse imalemba nambala imene ikuona kuti ikopa ogula. N'chifukwa chake kabokosi koti mwana akhoza kukanyamula ndi dzanja limodzi kamalembedwa 5000W.

Kugwira bodzali n'kosavuta. Tembenuzani makinawo, muone kachizindikiro ka kumbuyo pafupi ndi polowera waya wa magetsi. Pamenepo pamalembedwa mphamvu imene makinawo amadya. Mukapeza palembedwa 65W koma katoni ikuti 5000W, dziwani kuti wina akunama, ndipo si kachizindikiroko. Ku chigayo mukathira ndowa imodzi ya chimanga simutola ndowa 70 za ufa. N'zoona kuti pa makina ena abwino nambala ya RMS imaposako ya kumbuyoyo chifukwa cha kayezedwe kake, koma kusiyanako sikufika pamenepo.

Chinanso chimene ogulitsa sanena n'chakuti mawati ndi kukwera kwa mawu siziyendera limodzi monga timaganizira. Ampu ya 100W siimveka kawiri kuposa ya 50W. Kuwirikiza mphamvu kumangowonjezera madesibelo atatu, omwe khutu limawamva ngati kakusintha kochepa. Kuti mawu amveke okwera kawiri, mphamvu iyenera kuchuluka pafupifupi kakhumi. Ndiye ngati wogulitsa akufuna muwonjezere ndalama zambiri kuti muchoke pa 60W kufika pa 80W, ndalamazo ziikeni kwina.

Kwinako ndi ku masipika. Sipika iliyonse yabwino imakhala ndi nambala ya sensitivity, monga 87dB kapena 90dB, yonena mmene imasandutsira magetsi kukhala mawu. Ya 90dB imafuna theka la mphamvu imene ya 87dB ingafune kuti zimveke mofanana. Kwa munthu wa sola, nambala imeneyi ndi ndalama yeniyeni, chifukwa ndi imene ikuuzeni kuti batire lanu litha msanga kapena ayi.

Pabalaza la mamita 4 m'lifupi ndi 5 m'litali, ampu ya mawati 30 mpaka 50 a RMS pa sipika iliyonse ndi yokwanira kufikira anansi adandaule.

Palinso nambala ina yaing'ono imene yapsetsa ma ampu ambiri kuposa china chilichonse: ma ohm. Kumbuyo kwa sipika kumalembedwa 4, 6 kapena 8, ndipo kumbuyo kwa risiva kumalembedwa ma ohm amene imalola, kawirikawiri 6 mpaka 16 kapena 8 mpaka 16. Nambala ya sipika ikatsika, sipikayo imakoka magetsi ambiri ku ampu. Mukamangirira sipika ya 4 pa risiva yofuna 8 n'kukweza kwambiri, risivayo imatentha, imazima yokha, ndipo mukaikakamiza imapsa. Masipika a home theatre za m'katoni ambiri ndi a ma ohm atatu, choncho musawagule motchipa poganiza kuti mukawaika pa risiva.

Chizolowezi china choopsa ndi chomangirira masipika awiri pa malo amodzi, mawaya ofiira pamodzi, akuda pamodzi. Masipika awiri a 8 akamangidwa chonchi amasanduka 4. Awiri a 4 amasanduka 2. Pa zinkhoswe ndi pa maukwati, pomwe aliyense amabwera ndi bokosi lake kuti liwonjezeredwe, ndi pamene ma ampu obwereka amafera.

Ampu yaing'ono nayonso imatha kupha sipika yaikulu. Mukaikweza kupitirira mphamvu zake, mawu amayamba kusweka, ndipo kusweka kumeneko kumawotcha kasipika kakang'ono kotulutsa mawu opyapyala. Mukamva mawu ayamba kukhadzula, tsitsani pomwepo.

Magetsi ndiwo mwini bajeti

Dera lino lili pafupi ndi Nkula ndi Tedzani, komwe EGENCO imapanga magetsi pa mtsinje wa Shire, koma aliyense akudziwa kuti kuyandikana ndi gwero sikutanthauza kuti magetsi sathima, ndipo midzi yambiri yotalikira msewu wa M1 nthambo za ESCOM sizinafikeko. Tonse tikukumbukira mmene zinalili namondwe Ana atawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Choimbira chimene mukugula lero chidzakumana ndi masiku ngati amenewo.

Magetsi a ESCOM ndi a mavolti 230. Katundu wa ku South Africa ndi ku Britain amagwirizana nawo. Wa ku America ndi wa mavolti 120, ndipo ma risiva ambiri a kumeneko alibe posinthira. Mukailowetsa pa soketi yathu imapsa nthawi yomweyo. Werengani kumbuyo musanalipire. Ngati palembedwa 120V yokha, ndiye kuti mufunikanso kugula thiransifoma yotsitsa mphamvu, ndipo mtengo wake uwerengereni limodzi ndi wa risivayo. Katundu wa ku Joni amabwera ndi pulagi ya mano atatu ozungulira akuluakulu, yosiyana ndi yathu ya mano ophwatalala. Ndi bwino kusinthiratu pulagiyo kwa odziwa zamagetsi m'malo mokhomera mawaya opanda pulagi m'soketi ndi kamtengo ka machesi.

Chimene chimapha zipangizo kawirikawiri si kuthima kwa magetsi koma kubwera kwake. Akamabwerera amatha kudza ndi mphamvu yopitirira muyezo kapena yoperewera. Pachifukwa ichi, chinthu choyamba pa mndandanda wanu chikhale gadi wa TV, kachipangizo kaja kamene kamadula magetsi akakwera kapena akatsika kwambiri, n'kudikira kaye kanthawi kasanawatsegulenso. Ekisitenshoni yokhala ndi kanyali kofiira si gadi. Nyengo ya mvula palinso mphenzi, yomwe imatha kulowera pa waya wa dishi kapena wa eriyo, n'kudutsa mu dikoda, n'kutsata waya wa HDMI mpaka mu risiva ndi TV. Palibe gadi wotchipa amene angaimitse zimenezo. Kukagunda, zulani pulagi ndi waya wa dishi womwe.

Kwa a sola, tengani cholembera. Batire la mavolti 12 la 100Ah limasunga mphamvu yokwana 1 200Wh, kutanthauza 12 kuchulukitsa ndi 100. Koma batire la asidi silifunika kulikhetsa kupitirira theka ngati mukufuna likhalitse, ndiye mwatsala ndi 600Wh. Tiyerekeze kuti TV yanu imadya 60W, dikoda 15W, ndipo risiva 80W. Zonse pamodzi ndi 155W. Mukagawa 600 ndi 155 mupeza maola osakwana anayi, ndipo inveta nayo imadyako gawo lake, moti muyembekezere maola atatu ndi pang'ono. Mababu ndi kutchaja mafoni sitinawerengere. Mpira umodzi ndi filimu imodzi, batire lagona.

Risiva yakale yolemera imadya magetsi ngakhale mawu ali otsika, ndiponso pa inveta zotchipa, zija zosatulutsa magetsi osalala, imalira ng'ung'ung'u m'masipika ndipo imatentha. Kunyumba ya sola, nthawi zambiri chanzeru n'kusiya risiva n'kugula ampu ya mavolti 12, monga ya m'galimoto kapena tima ampu tatsopano ta Class D, tomwe timatenga magetsi ku batire mwachindunji ndipo sititaya mphamvu yambiri ngati kutentha. Ingoikani fyuzi pafupi ndi batire. Sizioneka zapamwamba pa shelefu, koma zimaimba mpaka usiku.

Kagawidwe ka ndalama

Mitengo ya katunduyu imatsata dola chifukwa zonse n'zochokera kunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya zamagetsi inadumpha, ndipo ogulitsa ambiri mpaka lero amatchula mtengo wa tsiku lomwelo. Mtengo umene mnzanu anagulira mwezi watha ungokuthandizani kunenerera, osati kukonzera bajeti. Chimene chimathandiza ndi kugawa ndalama m'magawo musanachoke pakhomo.

Ine ndimalangiza chonchi. Pa K100 iliyonse, K15 ipite ku gadi, mawaya ndi pulagi. K5 ikhale ya ulendo, kupita ndi kubwera, kuphatikizapo kulipirira katundu m'minibasi ndi kabaza wochokera pa siteji. K10 muisiye kunyumba, musapite nayo n'komwe m'tauni, kuti idzathandize pokonzetsa kapena pogula kanthu kamene mudzazindikire mutafika kuti kakusowa. Yotsala K70 ndiyo ya choimbira, ndipo pa imeneyi masipika atenge K40, ampu kapena risiva K30.

Mwachitsanzo chabe, ngati mwasunga K500 000, ndiye kuti K75 000 ndi ya chitetezo ndi mawaya, K25 000 ya ulendo, K50 000 yotsala kunyumba, K200 000 ya masipika ndipo K150 000 ya ampu. Choncho polowa m'sitolo, inu ndinu munthu wa K350 000, osati wa K500 000. Wogulitsa asadziwe nambala inayo.

N'chifukwa chiyani masipika atenge gawo lalikulu? Ndiwo amapanga mawu amene mumamva, ndipo sakalamba msanga. Sipika yabwino ya zaka 15 zapitazo ikhoza kuimbabe bwino lero, pomwe risiva imasiyidwa ndi nthawi malumikizidwe akasintha. Ngati ndalama sizikukwana, yambani ndi ampu ndi masipika awiri. Besi mudzawonjezera chaka chamawa mukagulitsa mbuzi.

Za ngongole ndinene mosabisa. Choimbira cha pakhomo sichibweretsa ndalama. Ngati banki m'khonde yanu imatenga chiwongoladzanja cha 20 peresenti pamwezi, K500 000 imabala K100 000 mwezi uliwonse. Pakatha miyezi itatu mwalipira K300 000 yapamwamba, ndalama yoposa ya masipika aja. Za katapila ndiye tisayambe n'komwe. Ngati sitolo ikulola kulipira pang'onopang'ono katundu ali komweko, funsani kuti mtengo aumanga pa tsiku loyamba kapena udzasintha, ndipo yankholo lilembedwe pa lisiti.

Mukafika m'sitolo

Pitani ndi fulashi yanu. Ogulitsa amakhala ndi nyimbo zawo zosankhidwa, za besi wambiri, ndipo amakwezeratu besi mpaka kumapeto kuti chifuwa chanu chinjenjemere. Besi amagulitsa katundu, koma amabisanso zilema. Pa fulashi yanuyo muikepo nyimbo imodzi imene mumaidziwa bwino, ndi kachidutswa ka munthu akulankhula, kaya ndi ulaliki kaya filimu ya Chichewa. Pemphani kuti besi ndi treble azibweze pakati, mawu akhale pa mlingo umene mungamvere kunyumba. Ngati mukuvutika kumva zimene munthuyo akunena, choimbiracho sichikuthandizani pa mpira kapena pa nkhani.

Kenako mverani sipika iliyonse payokha, khutu pafupi. Nyamulani. Sipika yopepuka ngati katoni yopanda kanthu ili ndi maginito ang'onoang'ono. Gogodani bokosi: la thabwa lochindikala limayankha mogontha, la pulasitiki yopyapyala limalira ngati chigubu. Pa masipika ena ataliatali otchipa, tina mwa timaso timene mukuona kutsogolo ndi tokongoletsa chabe, topanda waya. Ikani khutu pa kalikonse.

Yang'anitsitsaninso dzina. Pali katundu wolembedwa mayina ofanana ndi a makampani otchuka, atangosintha chilembo chimodzi, ndipo wina amalembedwa dzina lenileni koma ali wachinyengo. Katundu weniweni amakhala ndi nambala ya mtundu wake ndi nambala yakeyake kumbuyo, zogwirizana ndi za pa katoni. Si kuti katundu yense wa dzina losadziwika ndi woipa. Koma muzimugula pa mtengo wa dzina losadziwika.

Musanachoke kunyumba, jambulani kumbuyo kwa TV ndi dikoda yanu pa foni. Anthu ambiri amafika nacho pakhomo choimbira n'kupeza kuti palibe polumikiza. TV zambiri zatsopano zilibe mabowo ofiira ndi oyera otulutsa mawu. Zimatulutsira pa HDMI yolembedwa ARC, pa kabowo ka optical, kapena pa ka mahedifoni. Mabowo ofiira ndi oyera amene mukuwaona pa TV nthawi zambiri ndi olowetsa, osati otulutsa. Ngati risiva ndi yakale yopanda HDMI, mukhoza kutenga mawu kuchokera ku dikoda mwachindunji, koma onetsetsani kuti dikodayo ili ndi potulutsira.

Pa katundu wogwirapo kale ntchito pamafunika kudekha. Risiva iyake kwa mphindi 20 ikuimba, kenako muikhudze pamwamba. Kufunda n'kwabwinobwino, koma ikamawotcha dzanja kapena kuzima yokha, isiyeni. Zungulitsani chokwezera mawu mumve ngati chikuthetheka. Yesani bowo lililonse la HDMI, chifukwa pa ma risiva akale mbali imeneyi ndi imene imafa kawirikawiri ndipo zipangizo zake zimavuta kupeza. Nunkhizani pa timazenera ta mpweya, fungo la kupsa silibisika. Onani zomangira ngati zinatsegulidwapo. Ndipo funsani rimoti. Ma risiva ambiri ali ndi zinthu zimene simungazisinthe popanda rimoti yake.

Kwa sipika, chotsani nsalu yakutsogolo muone mphira wozungulira ngati sunang'ambike kapena kufumbutuka. Kankhani pepala lake pang'onopang'ono ndi zala mofanana mbali zonse. Likamakhula mkati, koyilo yake inapsapo. Batire la tochi la 1.5V likhoza kukuthandizani: gunditsani mawaya a sipika ku batirelo kamphindi kochepa, pepala liyenera kusuntha n'kumveka kuti "thu".

Wogulitsa akamakana kuti muyese, kapena mtengo ukakhala wotsika modabwitsa ndipo munthuyo akufulumira, chokanipo. Kulandira katundu wakuba ndi mlandu, ndipo apolisi akabwera mumataya katundu ndi ndalama zomwe.

Lisiti ndi ufulu wanu

Lisiti ikhale ndi dzina la sitolo, tsiku, mtundu wa katundu, nambala yake ya kumbuyo ija, ndi nthawi ya chitsimikizo. Mawu apakamwa oti mukapeza vuto mudzabwere satha kuonetsedwa kwa aliyense. Ena amakuuzani kuti akuchotserani pang'ono mukalola kupita opanda lisiti. Kuchotserako n'kochepa poyerekeza ndi ndalama yonse imene mwaika pa chiswe. Dziko lino lili ndi lamulo loteteza ogula la 2003, ndipo bungwe la Competition and Fair Trading Commission lakhala likuchenjeza amalonda pa zikwangwani zija zoti katundu wogulidwa sabwezedwa. Katundu akapezeka ndi vuto ndipo sitolo ikukana kukuthandizani, mukhoza kukadandaula ku bungweli kapena ku Consumers Association of Malawi. Koma konseko adzayamba akufunsani lisiti.

Amene muli ndi abale ku Johannesburg, n'zoona kuti kumeneko katunduyu ndi wambiri ndipo mitengo imakhala yabwinopo. Ingowerengerani zonse: mtengo wogulira, ndalama ya onyamula katundu pa basi kapena pa lole kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Tete, ndiponso msonkho wa MRA pa chipata cha Mwanza. Kumbukiraninso kuti chitsimikizo cha sitolo ya ku Joni chimathera komweko, chifukwa simudzabweza risiva ulendo wonsewo. Muuzeni m'bale wanuyo akutumizireni chithunzi cha kumbuyo kwa makinawo asanalipire, muone mavolti, ma ohm ndi malumikizidwe. Ndipo kwa ogulitsa a pa Facebook kapena WhatsApp amene amafuna muyambe mwatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba musanaone katundu, yankho ndi limodzi: tionane pa malo a anthu ambiri pomwe pali soketi.

Kwa ofuna kutsegula vidiyo sho

Apa nkhani ndi ina. Risiva ya pabalaza sinapangidwe kuti iziimba kuyambira m'mawa mpaka usiku m'chisakasa chotentha chodzaza anthu. Chofunika ndi ampu ya PA yokhala ndi fani, ndi mabokosi awiri okhala ndi sipika ya mainchesi 10 kapena 12 komanso kasipika ka mawu opyapyala. Akalipentala athu amakhoma mabokosi otere, ndipo mukagula masipika abwino n'kuwapatsa thabwa lochindikala, mumapulumutsa ndalama. Makasitomala anu amabwera kudzamva wolengeza mpira ndi DJ womasulira filimu, choncho mawu omveka bwino ndi amene amadzaza mabenchi. Masipikawo muwakweze pamwamba pa mitu ya anthu, chifukwa matupi a anthu amameza mawu.

Bajeti ya bizinesi ili ndi mizere ina imene ya pakhomo ilibe. Pali chiphaso cha bizinesi ku khonsolo ya boma la Blantyre, chilolezo cha Censorship Board choonetsera mafilimu, ndi cha COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso, chifukwa kuimba nyimbo pagulu pochita malonda kumalipiridwa. Funsaninso kampani ya dikoda yanu za malipiro a malo a bizinesi, popeza amasiyana ndi a pakhomo. Pamwamba pa izi pali jenereta kapena batire, chifukwa magetsi akathima mpira uli mkati, anthu amafuna ndalama zawo.

Werengerani motsitsa. Tiyerekeze mukulipiritsa K500 pamutu ndipo pamabwera anthu 30. Imeneyo ndi K15 000 pa mpira umodzi. Ngati mipira yodzaza chonchi ndi isanu ndi itatu pamwezi, mwapeza K120 000, musanachotse dikoda, mafuta, lendi ndi mnyamata wa pakhomo. Zotsalazo ndi zimene zibweze ndalama ya zipangizo. Musaiwale kuti ligi ya ku England imayamba mu Ogasiti n'kutha mu Meyi, ndipo miyezi ya Januwale ndi Febuluwale anthu kumudzi amakhala alibe ndalama m'thumba. Bizinesi imene ikuoneka yopindula pa Loweruka la Manchester United ndi Liverpool iyezedwenso pa Lachiwiri wamba.

Mukafika nacho pakhomo

Nyumba zathu zambiri ndi za malata opanda siling'i, pansi pa simenti ndi makoma opanda kanthu. M'chipinda chotere mawu amagunda uku ndi uku n'kusokonekera, ndipo anthu amaganiza kuti anagula choimbira choipa. Musanathamangire kukagula china, yalani mkeka kapena kapeti pakati, ikani makatani ochindikala, ndipo mipando ya nsalu ithandizanso. Masipika awiri akutsogolo akhale mbali ziwiri za TV, pa msinkhu wa makutu a munthu wokhala pansi pa mpando, osati kudenga pafupi ndi malata. Bokosi la besi mukaliika pakona limamveka kwambiri, mukalichotsapo limamveka mofatsa. Yesani malo angapo, n'zaulere.

Pa mawaya musanyengedwe ndi okwera mtengo, koma musagulenso aja opyapyala ngati ulusi. Waya wa kopa wa 1.5mm ndi wokwanira pabalaza. Wina amaoneka ngati kopa koma ndi aluminiyamu wopakidwa pamwamba. Palani ndi mpeni: akayera mkati, si kopa. Polumikiza, chofiira cha ampu chipite ku chofiira cha sipika mbali zonse ziwiri. Mukatembenuza mbali imodzi, masipikawo amalimbana ndipo besi amasowa. Onetsetsaninso kuti palibe kaulusi ka waya kamene kakukhudza mnzake kumbuyo kwa ampu, chifukwa kamodzi kokha n'kokwanira kuiwotcha.

Kutentha kwa kuno mu Okutobala ndi Novembala sikufuna kufotokozera munthu wa ku Mdeka kapena ku Zalewa. Risiva imapumira pa timazenera ta pamwamba pake. Nsalu yoluka ija amayi amakonda kuyala pa zinthu za pabalaza ndi yokongola, koma pa risiva iziyalidwa makinawo akazima ndi kuzizira, kuti iteteze fumbi. Ikamaimba, pamwamba pake pakhale popanda kanthu, ngakhale dikoda, ndipo musiye mpata wa chikhatho chimodzi kapena kuposerapo. Mphemvu zimakonda kufunda kwa mkatimo ndipo makoswe amaluma mawaya, choncho kamodzi pamwezi sunthani kabati musese kumbuyo.

Katoni ndi zotetezera zake zoyera zija musapatse ana kuti aziseweretsa mpaka nthawi ya chitsimikizo itatha, chifukwa masitolo ena amafuna katundu abwerere mmene anachokera. Lisiti ya makina imafufutika pakapita miyezi yochepa, makamaka kotentha, ndiye ijambuleni pa foni tsiku lomwelo, ndipo pepalalo mulisunge mu envulopu pamodzi ndi makadi a kuchipatala.